Mawondo a Bambo Obembe

Bambo Obembe anafika kuno ku Ikire ine ndili namwali, atakwera njinga yakuda, mtolo wa nsalu uli kumbuyo, ndipo anamwalira ine ndili ndi zidzukulu. Zaka zonsezo ndinkakazinga zitumbuwa za khobwe pachipata cha nyumba imene ankachita lendi, choncho ngati pali munthu amene angakuuzeni za iwo mosanama, ndine. Enawa akunamizani, chifukwa onse anali nawo ngongole. Inenso ndinali nayo, koma ine ndinkabweza.

Kwawo kunali ku Ilesa, ndipo anthu a kumeneko mukuwadziwa: amabadwa atafumbata dzanja ngati mwana wina aliyense, kungoti iwo salifumbatulanso. Poyamba ankagulitsa nsalu pangongole m'midzi ya alimi a koko. Kenako anaona kuti mtolowo ukungowalemera pachabe, poti chimene anthu ankafuna kwenikweni ndi ndalama. Anagulitsa nsalu yotsiriza n'kuyamba katapila. Anali munthu wamfupi, wowonda, wolankhula motsitsa ngati akupepesa, ndipo sindinawamvepo akutukwana munthu. Kutukwana ankatisiyira ifeyo.

Malamulo awo sankabisa. Ukabwera ankakukhazika pabenchi pafupi ndi chiwaya changa, n'kukufotokozera zonse mofatsa ngati akuphunzitsa Sande sukulu. Ndalama yaing'ono, ya ife amayi a pamsika, masheleni khumi ankabala awiri tsiku la msika lililonse. Ndalama yaikulu inkadikira miyezi itatu, koma mapaundi makumi awiri ankabwera makumi anayi. Ndiye panali tina ndi tina. Panali ya kudzutsa chikwama, poti ati chikwama chawo chinkagona tulo tofa nato ndipo sichinkadzuka chabe. Panali ya matayala a njinga, ngakhale iwe kwanu kutakhala kuseri kwa mpanda womwewo. Panalinso ya mboni, ndipo mboniyo ndinali ine: ndinkalandira tiki ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pachipande. Zonsezi ankachotseratu, moti wopempha paundi ankachoka nayo itadyedwa kale m'mbali ngati chitumbuwa chotumidwa mwana.

"Bambo, kodi si kuba kumeneku?" anafunsa tsiku lina Amusa wogulitsa nyama, akuyang'ana zimene zinatsala m'manja mwake.

"Wakuba amakuuza?" anatero bambo Obembe. "Ine ndakuuza, mwana wanga, ndipo chipata ndi icho, sichinatsekedwe. Pita ku banki ku Ibadan ukawauze kuti ukufuna ndalama ya ng'ombe pofika mawa. Akakufunsa dzina la agogo ako, kenako akakuyang'ana kumapazi kuti aone ngati wavala nsapato."

Amusa anatukwana amayi a njingayo, n'kupisa ndalama m'thumba.

Koma chimene chinawapatsa dzina bambo Obembe si katapilayo, ndi mawondo. Tsiku lobweza likadutsa sankakalipa, sankaitana apolisi, sankalanda mbale ya munthu. Ankakwera njinga, kufika pakhomo pako m'mawa, kuitsamiritsa pakhoma, kukupatsa moni waulemu wofunsa ana ndi nkhuku zomwe, kenako n'kunjuta pakati pabwalo. Basi. Ankangonjuta choncho, zigongono pamawondo, chipewa pamutu, maso ali pachitseko chako. Ana ako akupita kusukulu akuwalambalala. Apongozi ako akubwera kudzacheza akuwapeza. Anthu odutsa mumsewu sankafunsanso kuti kwagwanji, ankangoseka n'kupitiriza ulendo. Ndipo msika uliwonse umene unkadutsa iwo akunjuta, paundi iliyonse inkabala sheleni. Imeneyo inali ya mawondo.

Lamulo lake tonse tinkalidziwa. Mwini ndalama akakhala pampando wako, akamwa madzi ako kapena kudya chakudya chako, ndiye kuti wasanduka mlendo, ndipo ngongole ya mlendo ndi ya pachibale, yobweza Mulungu akalola. Ndiye anthu anayesa zonse. Mkazi wa Amusa anawaikira kampando kumbuyo kwenikweni, koti akangotopa pang'ono matako agundepo. Anakazinga chiwindi cha tsabola patsogolo pawo, n'kumakupizira utsi kumene kunali mphuno zawo. Bambo Obembe anangomeza malovu n'kuyamikira kuti mayiyo amadziwa kuphika. Mvula inagwa, iwo anatambasula ambulera. Litafika tsiku lachitatu mkaziyo ndi amene anatenga mkanda wake wa ukwati n'kukagulitsa, akunena kuti watopa kusesa mozungulira munthu.

Ndiye taganizani. M'tauni momwe khomo lililonse lili ndi ngongole yako, kapena linali nayo dzana, kapena likuifuna mawa, ungadye kwa yani? Kuno sipatha sabata popanda phwando, kaya kutcha mwana dzina, kaya ukwati, kaya kutsazika nkhalamba, ndipo ngakhale wamisala amachokapo atakhuta. Bambo Obembe okha ndi amene sankaitanidwa. Mkazi wawo Ibidun anamwalira mwana wawo Kolapo akuyamba kumene kuyenda, ndipo sanakwatirenso. Ati mkazi wachiwiri ndi ndalama yotuluka yosabala. Madzulo aliwonse tinkamva mtondo ukulira m'nyumba mwawo, mwamuna wamkulu akudzisinjira yekha zilazi, chifukwa a ku Ilesa akapanda kudya zilazi zosinja amati agona ndi njala. Ng'oma zikulira kutsidya, nyama ikununkhira msewu wonse, iwo ali pakhonde ndi mbale pamwendo. Zinkandimvetsa chisoni, sindikana, koma ndikakumbukira ya matayala ija chisonicho chinkachepa.

Ndalama yokhayo imene inatuluka m'chikwama chija osabwerako inali fizi ya Kolapo. Mnyamatayo anaphunzira, nakhala mphunzitsi pasukulu ya mishoni, wamtali, woseka ndi aliyense, wosadziwa n'komwe kusunga kobiri. Sindikudziwa anatengera ndani. Ndiye anakondana ndi Moriamo, mwana wa a Raimi kalipentala, mtsikana wosoka pamakina kuseri kwa msika. Ine ndinkayesa bambowo akana, poti mtsikanayo ndi Msilamu ndipo kwawo kunalibe chilichonse kupatula utuchi. Koma m'mawa wina anabwera pachiwaya panga, anagula zitumbuwa ziwiri popanda kunenerera mtengo, n'kuima pamenepo osachoka.

"Amake Sabitu," anatero, "mwamva? Ndikhala ndi abale m'tauni muno."

Anazinena ngati mwana amene amulonjeza nsapato. Aka kanali koyamba kuti ndione mano awo onse.

Tsopano a Raimi anali munthu wosauka wa mtima wa mfumu. Anthu a ku Ilesa abwere kudzapempha mwana wawo, iwo n'kuwalandira ndi nkhuku? Ayi, pankafunika mbuzi, zilazi, nsalu yofanana ya banja lonse, ndi oimba ng'oma. Ndalama analibe, poti alimi amene anawakhomera zitseko ankadikira kugulitsa koko. Ndipo m'tauni monse munthu wokhala ndi mapaundi makumi awiri ongogona anali mmodzi yekha. Choncho tsiku lina ndinangoona a Raimi akukhala pabenchi lija, atavala chovala chawo cha Lachisanu.

"Bambo a Kolapo, ndabwera ngati munthu wamba, osati ngati ujeni," anatero.

"Inenso ndikulandirani ngati munthu wamba, bambo a Moriamo. Ndalamayi ndi ya ntchito yanji?"

"Ndili ndi alendo akubwera. Anthu ovuta kwambiri, a ku Ilesa."

"Ndikuwadziwa amenewo," anatero bambo Obembe, nkhope ili gwa. "Mbuzi yake ikhale yonenepa. Amayang'ana mafuta."

Ine ndinati ndiseke, koma nditaona akuchotsa ya kudzutsa chikwama ndinakwiya. "Abambo inu, mulibe manyazi? Mbuzi yodya inu nomwe, mukudulirapo ya matayala?"

"Amake Sabitu, inu ndinu mboni, si loya," anatero. Ndipo a Raimi nawo anandidzudzula, ati asawachitire chifundo ngati wopemphapempha, awadule monga amadulira aliyense. Amuna awiri akulu, aliyense akukokera ulemu wake, osaona dzenje limene ankakumba. Anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike mwezi wa mawa, ngongole ikadali yaiwisi, pamene lamulo la mpando lisanayambe kuluma. Kenako koko agulitsidwa, zitseko zilipiridwa, makumi anayi abwerera kwawo. Zonse zinali bwino ngati nyumba yojambula papepala.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala pang'ono kuti chinkhoswe chichitike, akulu awo a Raimi anamwalira, ndipo pakhomo pa maliro sipalira ng'oma ya ukwati mpaka masiku a chisoni atatha. Kenako mvula inanyanya, koko anaola m'mitengo, alimi anayamba kuwazemba a Raimi polowera zitseko zomwe anawakhomera. Miyezi itatu inatha. Ndalama inali italowa kale m'nsalu, m'zilazi, ndi m'mimba mwa mbuzi, imene inkangonenepa pabwalo osadziwa kanthu.

Tsiku lobweza litadutsa, tauni yonse inatchera khutu kumvera belu la njinga ija. Silinalire. Bambo Obembe anadwala malungo, koyamba chibadwire, malungo achilendo amene palibe anawaona akunjenjemera nawo. Ine ndinkamva mtondo ukulira madzulo monga mwa nthawi zonse. Koma anthu si ana. Amayi a pamsika anayamba kuchedwa ndi masheleni awo. Amusa anakumana nawo pachipata n'kufunsa mokweza kuti, "Bambo, kodi kukhala ndi mwana wamkazi wokongola kumachotsera zingati pa paundi? Ine ndili nawo atatu."

Mbali inayo kunali Busari, amalume a Moriamo, dalaivala wa lole, munthu amene mtima wake unkawira msanga kuposa injini yake. Iyeyo analengeza pamsika kuti aliyense amve: "Mkulu ameneyo akabwera pachinkhoswe n'kunjuta pabwalo pa mlamu wanga, pamaso pa alendo, ukwati watha pomwepo. Mwana wa mlongo wanga sapita ku banja lotivula pagulu. Akhale pampando, adye ngati munthu, apo ayi atenge mphunzitsi wakeyo azipita."

Ndiye munthu n'kutani? Kunjuta, mwana ataya mkazi. Kukhala pampando, theka la tauni limene lili ndi ngongole likhala likuonerera, ndipo mawa lake khomo lililonse liwadikira ndi mpando ndi kapu ya madzi. Kolapo anaonda. Anapita kwa a Raimi kukapempha kuti bambo ake angoikhululuka ngongoleyo, a Raimi anamuthamangitsa ndi sowo m'manja, ati iwo sanafe. Anabwerera kwa bambo ake kukapempha kuti amubwereke iyeyo makumi anayiwo akapereke. Bambo ake anamukhazika pabenchi n'kuyamba kumufotokozera mofatsa kuti makumi anayi amabwera makumi asanu ndi atatu, kuchotsapo ya chikwama. Mnyamatayo anadzuka n'kuchoka misozi ili chuchuchu.

Apo ine ndinaphula chiwaya pamoto n'kuwalondola pakhonde.

"Abambo inu, kodi m'chifuwamo muli mtima kapena chitini cha makobiri? Mwana mmodzi yekhayo! Mumutaya chifukwa cha mbuzi?"

"Ndikakhululukira mmodzi, amake Sabitu, tauni yonse indibweretsera ana aakazi."

"Ndiye mukanjuta?"

Ankangosisita mawondo awo, amene tsopano anali otupa ngati zikho, poti zaka zinali zitapita. Kenako anati, "Kwathu kubwera anthu ochepa. Msuweni wanga mmodzi, ndi akulu ampingo awiri. Mungatiyankhulire inuyo? Pakamwa muli napo."

Ndinavomera, osati chifukwa cha iwo, koma Kolapo ndinamulera ndi zitumbuwa zanga.

Tsikulo bwalo la a Raimi linadzaza mpaka mumsewu. Anthu amene sanaitanidwe anali ambiri kuposa oitanidwa, ena atakwera pampanda, ndipo palibe amene anabwera kudzaona mkwatibwi. Pachipata anatitsekereza akazi okwatiwa pakhomopo, monga mwa mwambo, kuti tilipire tisanalowe. Aliyense wa iwo anakhalapo pabenchi lija, ndiye mungadziwe nokha.

"Ya kudzutsa chitseko, bambo, chagona tulo tofa nato!"

"Ya mapazi athu, tayenda kuchokera kukhitchini!"

"Nanga mboni ikhale chabe? Ndaona ndi maso anga kuti mwafika!"

Bambo Obembe analipira zonse, sheleni ndi sheleni, nkhope ili ngati akuwazula mano. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Koma titalowa kuseka kunatha, chifukwa pakati pabwalo panali mpando. A Raimi anaukhoma okha, wa mtengo wabwino, wokhala ndi potsamira ndi poika manja, ndipo Busari anaima kumbuyo kwake atapinda manja pachifuwa.

"Takulandirani, bambo. Khalani."

"Ndikhala, ndikhala," anatero bambo Obembe. "Koma ndikhale ndisanapereke moni? Kwathu sitinaleredwe choncho."

Ndipo anayamba moni. Inu mukudziwa moni wathu mmene umatalikira: wa m'mawa, wa kukhala, wa mvula ya chaka chino, wa maliro aja, wa kutopa ndi kuphika. Iwo anaupereka wonse kwa munthu aliyense payekha. Anayamba ndi nkhalamba, anapita kwa amayi, anafika kwa oimba ng'oma, anafunsa mwana wa kumsana ngati mano amera. Munthu amene zaka makumi atatu ankangofunsa za ana ndi nkhuku n'kunjuta, lero anakumbukira mayina a azakhali a aliyense. Woimba ng'oma ya kukhwapa anayamba kuilankhulitsa motsitsa, ndipo tonse tinamva zimene inkanena: akhala kapena anjuta, akhala kapena anjuta. Mayi a Moriamo, a Wosilatu, anamuponyera diso, ng'omayo inakhala chete.

Moni unatha, poti ngakhale anthu a ku Ikire amatha. Bambo Obembe anaima pambali pa mpando uja, thukuta lili kamukamu. Mawondo aja anali atazolowera ntchito imodzi yokha pabwalo la munthu wangongole, ndipo anayamba kupindika okha. Anatsika pang'ono. Busari anamasula manja pachifuwa. Kolapo anatseka maso. Ine, posowa chochita, ndinakuwa kuti, "Anyamata a mkwati, mukudikira chiyani? Pemphani mkazi!"

Kolapo ndi anzake aphunzitsi anathamangira kutsogolo n'kugona chafufumimba pamaso pa makolo a mtsikana, monga amachitira mkwati ndi anzake. Bambo a mkwati sagona nawo, amakhala pampando n'kumaonerera. Koma tinangomva phi! Bambo Obembe anali pansi pakati pa anyamatawo, chovala chawo chatsopano chili m'fumbi, chipewa chitagubuduzika mpaka pamapazi a Busari. Kugona si kukhala, komanso si kunjuta.

"Tikupempha! Tikupempha!" anafuula anyamatawo, n'kudzuka. Bambo Obembe sanadzuke.

"Bambo a Kolapo, dzukani, mwatipatsa ulemu wokwanira," anatero a Raimi, manyazi atawagwira.

"Ndikadali kupempha," anayankha mawu ochokera m'fumbi.

"Tavomera kale!"

"Kwathu timapempha nthawi yaitali. Amake Sabitu, pitirizani mwambo."

Ndinapitiriza, nanga ndikanatani? Tinapereka zilazi, mchere, uchi, mtedza wa kola, sutikesi ya nsalu, zonse zikudutsa pamwamba pa munthu wogona. Moriamo anatuluka atafunda kumaso, anagwada kwa makolo ake, anafunafuna apongozi ake aamuna pampando n'kuwapeza pansi. Mwanayo anali ndi nzeru: anagwada pomwepo n'kuwapatsa moni ngati palibe chachilendo. Kenako inafika nthawi ya malowolo. Kuno malowolo ndi dzina chabe, mapaundi awiri omanga pakansalu, ndipo banja laulemu limalandira n'kubweza pomwepo kwa bambo a mkwati, kuti anthu adziwe kuti mwana sanagulidwe. Bambo Obembe anapisa dzanja pansi pa mimba yawo n'kundipatsa kansaluko. Nditangokagwira ndinadziwa kuti si mapaundi awiri, chifukwa kankalemera ngati mwala wonolera mpeni.

Ndinakapereka kwa a Raimi ndi manja awiri. Nawonso anamva kulemerako. Anamasula mfundo, chinthu chimene sichichitika, n'kusuzumira. Munali mapaundi makumi anayi, ndi masheleni a mawondo a misika yonse imene inadutsa, ngati kuti ananjutadi, osachepa kobiri, osapitirira kobiri.

A Raimi anakhala nthawi yaitali akuyang'ana ndalamazo. Ndinaopa kuti aziponya pansi, poti munthu wonyada ukamuthandiza pagulu amatha kukuda kuposa ukamumenya. Anayang'ana mwana wawo atagwada. Anayang'ana nkhalamba ili m'fumbi pabwalo pawo. Kenako anamanganso mfundo ija pang'onopang'ono, anadzuka, n'kuwerama.

"Mwana wathu sitigulitsa," anatero. "Tengani ndalama yanu, mukatisungire bwino."

Dzanja linatuluka m'fumbi n'kulandira.

"Amake Sabitu," anaitana bambo Obembe mokweza, kuti a pampanda amve. "Ndinu mboni. Ndalama iyi yachoka m'manja mwa ndani?"

"Mwa bambo a Moriamo."

"Yalowa m'manja mwa ndani?"

"Mwanu, abambo inu."

"Yakwana?"

"Mukudziwa ndinu, munawerenga nokha."

"Yakwana. Pakhomo pano palibe ngongole. Amusa, wamva? Obembe walipidwa, ndipo kwako ndikubwera Lolemba. Tsopano wina andidzutse, msana wagwira."

Amene anawadzutsa anali Busari. Anawanyamula m'khwapa ngati thumba la ufa, anawasasa fumbi mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira, n'kuwakhazika pampando uja. Nthungululu zinalira, ng'oma zinabwerera, ndipo amayi a pamsika ankaseka akupukuta m'maso. Munthu anadzilipira yekha mapaundi makumi anayi kuchoka m'thumba lamanja kupita lamanzere, mbuzi anagula yekha, ya pachipata analipira yekha, koma anakhala pamenepo akuyang'ana anthu ngati wapambana mlandu kukhoti.

Kukhala kwake kunali kwa munthu wosazolowera. Anakhala kumphepete kwenikweni, potsamira pali patali, manja ali pamawondo, poika manja paja osapagwira n'komwe. A Wosilatu anabweretsa madzi osamba m'manja, iwo anadzuka kuti alandire beseni, mayiwo anachita kuwakankhira pansi. Anawaikira zilazi zosinja, poganiza kuti ndi zimene amadya, koma iwo analoza mbale ya munthu wapambali, ya nsima yakuda ya ufa wa zilazi imene kuno timati amala.

"Ndipatseni amala wanuyo ndi denje. Ndakhala ndikumva fungo lake kuyambira ndili mnyamata."

Anadya mwakachetechete, pang'onopang'ono, akutafuna nthongo iliyonse ngati ili ndi minga. Atafika pa nyama anaitembenuza, anayang'ana mafuta, n'kugwedeza mutu.

"Asewere, mbuziyi munasankha bwino."

"Ndinali ndi mlangizi wovuta, asewere," anatero a Raimi.

Dzuwa linapendeka, anthu a pampanda anabalalika poti chimene anadzera chinali chitatha. Oimba ng'oma analandira zawo n'kupita. Msuweni wa ku Ilesa anathamangira lole yomaliza, akulu ampingo anatsazika, Kolapo ndi anzake anaperekezana akuimba. Atsikana anayamba kusonkhanitsa mbale ndi kubweza mabenchi obwereka. Bambo Obembe anali pomwepo, kumphepete kwa mpando, chipewa pamwendo. Ine ndinali nditamanga kale nyama yanga m'masamba, ndikufuna kukaona ana, ndiye ndinapita kukawauza kuti tizipita. Anandikodola kuti ndiwerame.

"Amake Sabitu, tandiuzani," ananong'ona. "Ine pakhomo pa munthu ndimachoka akandilipira. Nanga mlendo amadziwa bwanji kuti nthawi yochoka yakwana?"

Ine pakamwa panga sipasowa yankho, mufunse aliyense pamsika. Koma apo ndinangoika pansi nyama yanga n'kukhala pabenchi limene linatsala.

"Khalani kaye, bambo," ndinatero. "Palibe amene akufuna kuti muchoke."

Anayang'ana uku ndi uku, kuzitseko, kukhitchini, kwa atsikana osesa, kuti aone ngati ndikunena zoona. Palibe amene ankawasuzumira pazenera. Palibe amene ankanong'onezana. A Raimi anali atavula chovala cha phwando, akukokera chitsa pafupi ndi iwo, kola ali m'manja. A Wosilatu anatuluka m'khitchini akupukuta manja pansalu.

"Asewere, mawa masana mubwerenso. Kwatsala mutu ndi zam'kati."

Bambo Obembe anawayang'ana mayiwo, nkhope yonse ili ndi mafunso.

"Mawa? Kudzatani?"

"Kudzadya, asewere. Kudzatani nanga?"